Mukaime Kumbuyo kwa Hildah

Al Rigga, Dubai
9 Malichi 2025

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga kuchokera kuno ku Dubai. Kodi muli bwanji masiku ano? Nanga mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa kobwera ndi mphepo yozizira ya makina pakhomo la hotela pomwe ndimalondera. Anzathu achisilamu ali pa Ramadani, ndiye masana madzi timamwera kuseri.

Kalatayi ndapatsira Mabel, mwana wa a Masiye, amene akubwera kutchuthi. Pafoni sindinafune, chifukwa ndikudziwa kuti mauthenga anga mumamvera pakhonde, amalume a Elliot ali pambali khutu lili tcheru.

Uthenga wanu ndinaumva. Mwati ndimuuze mlongo wanga Hildah achotse dzina lake pa chisankho cha chipulula cha ukhansala, poti amalume akuti wogulitsa kaunjika sangalimbane ndi a Rosta, komanso banja lathu lidachita kale manyazi kamodzi. Amayi, mundikhululukire, koma zimenezo sindimuuza. Ndamuimbira kale kuti asasunthe ngakhale pang'ono.

Poti manyaziwo amalume awakumbutsa okha, tiyeni tiwakambe bwinobwino. Mukukumbukira chisankho cha 2014, mzinda utakhala zaka zambiri wopanda khansala kapena meya. Bambo adapikisana ndi a Rosta omwewa pa chipulula, pabwalo la sukulu. Onse awiri adawamanga nsalu kumaso, anthu n'kumandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Inu simudapite, mudati mtima wanu sungapirire. Choncho simudaone zimene ndakhala ndikukubisirani.

Ine ndidaima kumbuyo kwa a Rosta. M'mawa wake amalume adandikokera pambali n'kundiuza kuti a Rosta akapambana adzakhala meya, ndipo adzandilowetsa ntchito kukhonsolo. Adati bambo sadziwa, poti maso akhala omanga. Chimene tidaiwala tonse awiri n'chakuti nsaluyo amaimasula anthu asanabalalike. Bambo atatembenuka sadayambe kuyang'ana mzere wawo. Adayang'ana wa mnzawoyo, ndipo ndi msinkhu wangawu kubisala kudakanika. Adagonja ndi anthu asanu ndi mmodzi. Mpaka tsiku lomwe tidawaika m'manda sadanditchulirepo nkhaniyi, ndipo kukhala chete kwawoko kumandiwawa mpaka lero.

Nanga tidapindulanji? Makhansala atakhala pansi kusankha meya pakati pawo, a Rosta adapeza mavoti awiri, limodzi lawo lomwe. Ntchito yakukhonsolo ndidaidikira zaka zitatu, nsapato zidathera pakhonde la ofesi yawo, mpaka ndidatopa n'kubwera kudzatsegulira alendo zitseko kuno. Ngalande yakumsika yomwe bambo ankalira nayo idapitirizabe kusefukira mvula ikagwa. Amene adasonkhanitsa amayi amumsika ndi makasu n'kuikumba chaka chatha ndani? Si Hildah yemweyo amene akumunena kuti ndi wakaunjika?

Nkhaniyi ndinamufotokozera Lazarous, mnzanga wa ku Chipata amene timagona chipinda chimodzi. Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Anati kwawo meya amasankhidwa ndi anthu onse, aliyense m'kachipinda kake, osati zondandalikana ngati ana a sukulu olandira phala. Kenako anati ndizisiye, khalasi, monga amanenera Aluya akuno chinthu chikatha, zakale zinasila. Ndinamuyankha kuti kwa ine sizinathe. Ndiponso mzere wathuwo ndayamba kuukonda, chifukwa suli ndi pobisala.

Ndamvanso kuti amalume akuopseza kuti Hildah akapitiriza, iwo sadzakhala nkhoswe pa ukwati wake. Auzeni kuti alongo anu si iwo okha. Ngati akwiya, nambala yanga ali nayo, andiimbire, ndiwakumbutse zapabwalo la sukulu zija. Ulemu wawo sindiwalanda, koma kundisankhira mzere adandisankhira kamodzi, ndipo kwakwana. Ine ndimaima maola khumi ndi awiri tsiku lililonse kuweramira anthu amene sandiyankha n'komwe moni. Kuwerama kumeneko n'kwapantchito, sindikufuna kuti kufike ndi kunyumba.

Ndinapempha tchuthi kuti ndidzakhalepo pa tsikulo. Bwana wanga anangoti inshala, ndipo iyeyo akatero ndiye kuti wakana. Choncho pempho langa ndi limodzi lokha. Musatumize munthu, musadikire zotsatira kunyumba ngati ulendo uja. Mupite nokha. Ngati mwendo ukuvuta, akunyamuleni pa kabaza, ndipo mutenge kampando. Mufike molawirira kuti mukhale woyamba kumbuyo kwa mwana wanu, pafupi penipeni moti azimva kupuma kwanu.

Mwina agonja, zimenezo sindikukana. A Rosta ali ndi galimoto ndi zitenje zogawa, Hildah ali ndi pakamwa pake ndi amayi amumsika basi. Kugonja bambo adagonja, koma manyazi a tsiku lija sadali awo. Adali anga ndi amalume.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Prisca, alamu anga a Mcdonald ndi ana onse, makamaka Temwa amene akulemba mayeso chaka chino. Amalume nawonso muwapatse moni, ndipo ngati afuna kuwerenga kalatayi musawabisire. Hildah musamuuze kuti mupita. Akamumasula nsalu n'kutembenuka, nkhope yoyamba kuiona ikhale yanu, pamalo pomwe ine ndidayenera kuima.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Rodrick