Bulangete limodzi, ogula atatu

Bambo a kunyumba,

Musandifunefune, ndapita kwa mwana wathu wamkazi. Munali mtulo, ndiye sindinafune kukudzutsani.

Bulangete lofiira lomwe ndinaluka lija taligulitsa kwa anthu atatu. Ine ndinavomera mayi wina pa foni yanga, inu munavomera aphunzitsi pa yanu, mwanayunso analonjeza mnzake pa intaneti pomwepo. Munandiuza kuti tiyambe takhala pansi tsiku lathunthu tisanaike zithunzi za mabulangete pa intaneti, ine ndinati n'kutaya nthawi. Pepani, munanena zoona, koma musazolowere.

Lero tikhala pansi, pamodzi ndi wa njinga yamoto wonyamula katundu, tigwirizane woyankha ogula ndani, wolongedza ndani, ndipo chikagulidwa tiziuzana bwanji. Mubwere masana, mpando wanu ulipo. Pakadali pano musavomere aliyense, ngakhale akunyengerereni chotani. Ndimakudziwani, mtima wanu ndi wofewa.

Aphunzitsi afika teni koloko. Muwapatse bulangetelo, lili m'kabati pansi pa nsalu zofunda. Mankhwala anu ali patebulo, mumwe.

Awiri enawo ndawapepesa, ndawalonjeza kuti ndiwalukira awo pofika Loweruka. Choncho manja anuwo muwapumitse, madzulo mundigwirire ulusi.

Nkhalamba yanu