Mwana wa Jese

GULU: ZA EFFIE
Mada, Jese, Bambo Obedi

Lachiwiri

09:14 Mada: alamu ndatuluka kaye mu ICU, foni salola mkatimo. achemwali sanatsitsimukebe. machine ndi imene ikuwapumira

09:15 Mada: mwana ali bwino. wamwa, wagona

09:21 Jese: ndili mu sitima, Elizabeth line. Zikomo ndamusiya ku school, akufunsa mummy abwera liti

09:40 Bambo Obedi: Tiyamike Mulungu ngakhale pa zovuta. Mpongozi wanga Effie adzuka. Ndadziwitsa a mpingo ndi abale kumudzi kuti Davide wafika.

09:43 Mada: bambo, pa kabedi kake angolemba kt baby boy. dzina silinaperekedwe

09:58 Bambo Obedi: Dzina linaperekedwa kalekale, mwana wanga, inu musanabadwe. Bambo anga pobatizidwa ku mishoni anatchedwa Boazi. Ataphunzira kuwerenga anapeza m'malemba kuti mwana wa Boazi ndi Obedi, ndipo ine anandipatsa limenelo. Ine ndinatcha wanga Jese. Aliyense wopita ku tchalitchi amadziwa mwana wa Jese.

10:01 Mada: ndinaimva pa ukwati bambo. ndi pa ubatizo wa Zikomo

10:02 Jese: Mada not today please

10:09 Mada: ndikanakonda kudikira alamu, koma uthenga wafika kale kumudzi nde ndinene. dzulo inu muli ku chipatala cha maso ndi bambo, mu theatre ndinalowa nawo ndine. atamutulutsa mwana anawaonetsa. magazi asanayambe anatchula dzina

10:10 Jese: she what

10:10 Jese: dzina lanji

10:11 Mada: Lekani

10:12 Jese: why didn't you tell me dzulo

10:13 Mada: dzulo munali pansi mu corridor mutagwira mutu

10:35 Bambo Obedi: Munthu ali pa ululu amalankhula zambiri. Sindikutsutsa kuti ananena. Koma zimenezi si zachilendo. M'malemba muli mayi wina amene pobereka anatcha mwana dzina la chisoni, ndipo bambo wa mwanayo analisintha. Fuko lonse linadziwika ndi dzina la bambo, la mayi linathera pomwepo.

10:37 Mada: nkhaniyo ndimaidziwa. mayi ameneyo anamwalira

10:37 Mada: achemwali anga ali moyo. musawaike m'nkhani imeneyo

10:52 Jese: ndafika. which floor

Lachitatu

08:30 Bambo Obedi: [mawu ojambula]

08:33 Bambo Obedi: [mawu ojambula]

12:48 Mada: bambo ndamvetsera onse awiri pa break. nanenso ndawerenga mayina a m'malemba munanenawo ndili mu basi, kuchoka Barking mpaka kuno. uje kubala uje, uje kubala uje. amuna kumangoberekana okhaokha. ku maternity kuno sindinaziwone

13:05 Bambo Obedi: Digiri ya ku Greenwich isakuphunzitseni chipongwe. Mayina aja si zokongoletsa. Anthu a m'malemba aja atatengedwa ukapolo, pobwerera ena anafunafuna mayina a makolo awo osawapeza, ndipo anachotsedwa pa unsembe. Munthu wosadziwa wobadwa kwa yani alibe poyima.

13:14 Bambo Obedi: Ine ndinathawa kwathu ndili mnyamata, apolisi akundisaka. Ndinasiya munda, nyumba, ndi mayi anga amene sindinawaike m'manda. Ndinawoloka malire a Zambia ndi malaya amodzi ndi dzina. Ndakalambira ku Ilford m'nyumba ya lendi. Chimene ndingasiyire mdzukulu wanga ndi chimenechi basi.

13:20 Mada: pepani bambo. sindikuseka zimenezo

13:21 Mada: amayi anuwo dzina lawo anali ndani

13:40 Bambo Obedi: Tinkawaitana Nabanda.

13:41 Mada: limenelo ndi la mfunda. lawolawo?

13:43 Mada: nanga a Boazi asanabatizidwe?

14:10 Bambo Obedi: Linali dzina lachikunja. Sitinalisunge.

14:31 Jese: doctor akuti impso zayamba kuvuta. can we all just pray

MADA NDI JESE

Lachinayi

07:52 Jese: mlamu are you up

07:53 Mada: ndikumupesa Zikomo. jersey yake ya school ili kuti

07:54 Jese: pa radiator. listen. why that name. ankandiuza ine?

07:59 Mada: sindikudziwa alamu. sanatchule munthu

08:00 Jese: but ukuganiza bwanji

08:20 Mada: ndikuganiza kt Zikomo atabadwa dokotala ananena kt mimba ina ingawaphe. ndikuganiza kt mimba ziwiri zinachoka ndipo yachiwiriyo anagona chipatala sabata. achemwali ndi nurse, ankadziwa bwino kuposa tonse

08:22 Jese: she agreed Mada. sindinamukakamize

08:25 Mada: anavomera. pa Khirisimasi ija bambo anaimirira pa tebulo nkupempherera mimba yawo pamaso pa alendo, nkhuku ikuzizira. inu munati ameni

08:26 Mada: nanenso ndinati ameni, musadandaule

08:41 Jese: you don't know what it's like. ndili Year 3 anandiuza kale dzina la mwana wanga. anzanga ankasewera mpira, ine ndikuloweza who begat who pa kitchen table

08:44 Mada: Zikomo wandifunsa panjira ngati iye, pokhala mtsikana, ali mu line ya agogo

08:45 Jese: unamuyankha bwanji

08:45 Mada: ndinamuuza amange nsapato

11:30 Jese: we can do both. Davide Lekani. kapena Lekani pakati, palibe amene amagwiritsa ntchito middle name

11:34 Mada: nchifukwa chake mukufuna kuliika pamenepo

11:35 Mada: musandifunse ine. dikirani adzuke muwafunse eni ake

Lachisanu

10:48 Mada: alamu muli kuti

10:49 Mada: [mwaimba, sanayankhe]

10:50 Mada: [mwaimba, sanayankhe]

10:51 Mada: akuti mubwere pompano

11:03 Jese: sorry ndinali ku pharmacy ndi dad. coming. sitima in 4 mins

11:04 Jese: what's happening

11:09 Jese: Mada

11:26 Mada: musathamange alamu

GULU: ZA EFFIE

Lachisanu

15:10 Bambo Obedi: Mulungu anapatsa, ndipo watenga. Effie anali mwana wanga. Ankandimeta, ankandiwerengera mankhwala, sanandiyankhepo mwano. Mada, pepani. A mpingo abwera madzulo ndi nyimbo.

15:44 Jese: someone needs to get Zikomo. sindingathe kumuuza

15:46 Mada: ndamutenga kale. ndimuuza ine

Loweruka

09:20 Bambo Obedi: Abusa afunsa dzina la mwana loti atchule m'pemphero mawa. Ndinaletsedwa kunena za mayi wa m'malemba uja mpongozi wanga ali moyo, ndipo ndinakhala chete. Tsopano Mulungu mwini wafananitsa nkhani ziwirizi. Udindo uli ndi bambo wa mwana.

09:55 Bambo Obedi: Jese, ndikudikira.

12:02 Jese: tell them baby. just baby

12:15 Bambo Obedi: Mada, lankhulani ndi mlamu wanu. Mwana asanyamule mkwiyo wa tsiku limodzi moyo wake wonse. Akamadzaitanidwa ku sukulu, tsiku lililonse adzakhala akutiimba mlandu.

Lolemba

10:05 Bambo Obedi: Mada, mwauwona uthenga wanga?

16:30 Mada: mwana amutulutsa. tili ku Ilford kwa alamu, pafupi ndi kwanu bambo. ndatenga tchuthi kuntchito, ndikhala kuno mpaka maliro. mkaka wa m'chitini akuukana pang'ono koma akumwa

16:48 Bambo Obedi: Mulungu akudalitseni. Mumugwire Davide ngati wanu.

MADA NDI JESE

Lachitatu

10:12 Jese: ndili ku register office. za Effie zatha, andipatsa certificate

10:13 Jese: the lady says pali mpata, nditha kulembetsanso mwana since I'm here. same desk Mada. same pen

10:14 Mada: simukuyenera kuchita lero. masabata alipo

10:15 Jese: ndikabwerera kunyumba osalemba I know what I'll write next time

10:15 Jese: dad wayimba katatu

10:17 Jese: ndiuze how she said it. zonse. don't make it nice

10:26 Mada: anali atawatchinga ndi nsalu pachifuwa, sankawona chimene madokotala akuchita. ankanjenjemera mano, nde ndinawagwira dzanja. mwana atalira anafunsa kt ndi chiyani. ndinati mwamuna. sanamwetulire. anatseka maso kwa kanthawi ngati munthu amene watula mtolo. nurse atamubweretsa pafupi anamununkhiza pamutu, nkunena kt wafanana ndi Jese pakamwa. kenako anati Mada, ukawauze kt ndi Lekani. ndinati achemwali mukawauza nokha. anati iwe ukawauze

10:27 Mada: sanakalipe. analankhula ngati mmene ankanenera kt ugule buledi pobwera

10:27 Mada: kenako machine inayamba kulira nkunditulutsa

10:29 Jese: she said pakamwa?

10:29 Mada: eya

10:58 Mada: alamu?

GULU: ZA EFFIE

Lachitatu

11:20 Jese: Dad, ndalembetsa. Lekani. palibe middle name.

11:21 Jese: pepani

11:22 Bambo Obedi: [mawu ojambula]

11:40 Jese: I'm not playing that now

Lachinayi

13:15 Mada: bambo, chakudya chanu ndasiya kwa a Marjorie, aneba anu a pansi. mankhwala a maso ndi kawiri pa tsiku, achemwali analemba pa botolo

Lachisanu

09:30 Jese: Dad a Marjorie akuti simukutsegula chitseko

17:02 Jese: Dad

Lamulungu

14:05 Bambo Obedi: Ana anga, ndikhululukireni chete wanga. Ndinasala kudya ndi kupemphera, ndipo mtima wanga watsika. Ndinakwiya chifukwa ndinawerenga mothamanga. Jese wa m'malemba anali ndi ana aamuna ambiri. Davide sanali woyamba. Anali wotsiriza, anachita kukamuitana kubusa. Choncho Lekani akhale Lekani, ndamulandira. Ndidzamunyamula pa ubatizo ndi manja anga.

14:07 Jese: thank you Dad. zikomo kwambiri

14:19 Bambo Obedi: Jese akadali ndi mphamvu, ndipo nyumba ya ana awiri siikhala yopanda mayi. Kwathu zikatere sitinkapita kutali kukafuna mlendo. Mada mwana wanga, ndaona mmene ana akuzolowererani. Si za lero. Maliro akatha ndidzalankhula ndi amalume anu mwaulemu wake.

MADA NDI JESE

Lamulungu

14:24 Mada: alamu mwawerenga?

14:31 Mada: ndikuwona kt mwawerenga

14:40 Mada: muwayankha inu kapena ndiwayankhe ine

15:52 Jese: he's old mlamu. wangoyamba kudya lero. tisamuyambenso, not before the funeral

15:58 Mada: nde simuwayankha

16:20 Jese: I'll talk to him. nthawi yake ikakwana

16:45 Mada: mabotolo atatu ali mu fridge, muzitenthetsa m'madzi osati mu microwave. Zikomo ali ndi PE mawa. a Marjorie avomera kumugwira Lekani m'mawa mpaka mupeze munthu. makiyi ndawapatsa iwo

16:47 Jese: wait uli kuti

16:47 Jese: ndimaganiza uli ku shop

17:10 Jese: Mada he won't take the bottle from me

17:34 Jese: Zikomo wakhala pa window akuti aunty abwera

18:15 Jese: mlamu