Tsiku Limene Ndinapopa Matayala a Nyerere

Lachitatu, 21 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse a m'nyumba mwanu kutali komwe muliko. Ife kuno tadzuka, ngakhale mawu anga sanabwerere bwinobwino chifukwa cha kukuwa kumene ndinakuwa Loweruka. Mudabwa kuti ndalemba pamanja foni ili m'thumba. Nkhani imene ndili nayo ndi yoti pafoni mukanandidula ndisanafike pakati, ine n'kungoti "eya achemwali" monga ndachitira moyo wanga wonse. Pepala lokha ndi limene limandilola kumaliza.

Ndi nkhani ya mzime wathu, Nyerere. Dzinali munamupatsa ndinu ali ndi zaka zinayi chifukwa chosakhazikika pansi, ndipo lero ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi koma mpando sunamuzolowerebe. Ndakhala kunyumba kwake masabata atatu pamene amisiri akukonza denga langa, choncho ndaona ndi maso anga zimene kale ndinkangomva.

Kukamacha, ine ndisanapeze n'komwe magalasi anga, iye amakhala atapalasa kale ola lathunthu pakhonde, njinga ataimangirira pachitsulo kuti iziyenda pamalo amodzi. Akatsika apo amakonza zakudya zoti mapasa ake atenge kusukulu, kuwapesa tsitsi onse awiri, n'kunyamuka pa njinga yomweyo kupita kuchipatala. Njira yachidule ilipo, koma iye amadzera yakuphiri, yunifolomu ili m'chikwama kumsana. Tsiku lonse amajambula mafupa othyoka a anthu ena, Loweruka n'kupita kukayesa ake pamiyala. Madzulo amakhala pamkeka, dzanja lina likutsuka tcheni ndi mswachi wakale, lina likuloza masamu olakwika m'makope a ana. Njingayo imagona pabalaza, kuseri kwa sofa. Bambo a mapasa amati, "Alamu, uyu ndi mwamuna mnzanga. Ubwino wake sadya ndiwo, amangomwa mafuta."

Mpikisano umene wakhala akuulimbira zaka zitatu ndi wa makilomita zana limodzi ndi makumi awiri, m'mapiri mokhamokha. Amanyamuka sikisi koloko m'mawa, ndipo amene sanadutse mzere womalizira pofika folo koloko madzulo amawerengedwa kuti sanamalize, ngakhale atafika ndi miyendo yake iwiri. Chaka choyamba minofu inamukokana, anamutsitsa pagalimoto. Chaka chatha anafika mochedwa ndi mphindi khumi ndi imodzi, anapeza anthu akupinda kale nsalu ya pamzere. Ndi nthawi imeneyo pamene munamuuza pafoni kuti mayi wa ana awiri sathamangitsana ndi miyala. Tsiku lomwelo pa tebulo anauza banja lake kuti, "Kachitatu aka ndikalephera, njinga ndigulitsa. Masiku a Loweruka ndakuberani mokwanira." Bambo a mapasa anati palibe wapempha zimenezo, ana analira, koma mumudziwa mwana wa amayi anu: mawu akatuluka pakamwa pake sabwereranso.

Ndiye Loweruka lapitali tinafika pamalo onyamukira dzuwa likungotuluka, kuli kazizira kolowa m'mano. Anthu anali ngati mazana atatu, onse atavala zothina ngati anawathira m'botolo. Nyerere anatulutsa kachipangizo kake koyezera mpweya, nayeza tayala lakutsogolo, nayeza lakumbuyo, natulutsa pang'ono, nayezanso, ngati mmene amayikira mwendo wa wodwala pamakina. Kenako kunalengezedwa kuti opikisana onse apite akamve malangizo. Bambo a mapasa anali atapita ndi ana kukasaka chimbudzi. Anandipatsa ine njinga.

"Achimwene, ingogwirani. Musachite china chilichonse, ingogwirani."

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula, achemwali. Nditaima choncho, chala changa chachikulu chinapita chokha patayala. Ndinadina. Linalowa. Ndinadina lakumbuyo, nalonso linalowa ngati mkate. Mukukumbukira njinga yakuda ya bambo athu, ija ankanyamulira matumba a makalata? Zaka zisanu ndi ziwiri ntchito yanga m'mawa uliwonse inali kuipopa, iwo ataima pambali ndi kapu ya tiyi. Ndikamaliza ankamenya tayala ndi chikhadabo, likapanda kulira ankandibwezera pampu. "Tayala lofewa ndi la mlesi," ankatero. Ndiye ndinati mumtima mwanga, mwanayu kachipangizo kake kafa, ndipo akupita m'phiri makilomita onsewa ndi matayala akuphwa. Pampu yaikulu inali pomwepo m'galimoto. Ndinavula jekete. Achemwali, ndinapopa ndi chikondi changa chonse. Ndinapopa mpaka ndinamva bambo akuvomera kumanda. Ndipo sindinamuuze, chifukwa ndinkafuna kuti chikhale chabwino chobisika, choti ndidzachitchule tikukondwera.

Iye anabwera akuthamanga wezulo italira kale, analanda njinga, nalowa m'gulu. Ndinamubayibitsa ndi manja awiri, wonyada ngati munthu amene wapulumutsa mwana pamoto.

Othandiza amaloledwa pamalo amodzi okha, pa kilomita ya makumi asanu ndi awiri, pansi pa tenti pomwe opikisana amadzaza mabotolo. Tinkamuyembekezera hafu leveni. Ili pafupi kukwana nthawiyo, ndinayamba kucheza ndi mayi wina wa imvi amene ankadikira mwamuna wake, ndipo pofuna kuoneka wodziwa ndinati ndadabwa kuona anthu ambiri akunyamuka ndi matayala ofewa. Mayiyo anaseka. Anati m'phiri tayala limafunika lofewa kuti lizikumbatira mwala. Lolimba limadumpha ngati mpira, ndipo pamtsetse limamutaya munthu. "Kungowonjezera pang'ono pokha, wakwera mbuzi yolusa," anatero. Ine sindinawonjezere pang'ono pokha. Ndinakhala pansi pafumbi.

Hafu leveni inadutsa. Anadutsa anthu amene iye amawasiya kutali masiku onse. Mapasa anasiya kusewera. Itatsala pang'ono kukwana thwelofu, tinaona chipewa chake chachikasu. Malaya anali atang'ambika paphewa, chigongono chili magazi osakanikirana ndi dothi, udzu uli m'tsitsi. Bambo a mapasa anathamanga ndi mabotolo.

"Mayi, chachitika n'chiyani?"

Anafotokoza mofulumira, nthochi ili m'kamwa. Pokwera phiri loyamba anamva kuti njinga yauma, koma kanjira kanali kopapatiza, anthu kutsogolo ndi kumbuyo, analibe poima. Pamtsetse woyamba wa miyala njinga inamuponyera m'tchire, mahandulo n'kupindika. Anawongola, natulutsa mpweya mongoyerekeza poti kachipangizo kanatsala m'galimoto. Kumbuyo anatulutsa wambiri, n'kuyambanso kupopa ndi kapampu ka m'thumba kaja kofanana ndi cholembera. Kupitirira ola lathunthu linathera pamenepo.

"Amakanika aja!" anakalipa bambo a mapasa. "Dzulo lomweli anati zonse zili bwino. Lolemba akandiona."

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Nyerere anameza nthochi, nandiyang'ana.

"Asiyeni amakanika. Padziko pano ndikudziwa anthu awiri okha opopa tayala mpaka kulira ngati ng'oma. Mmodzi tinamuika m'manda."

"Mlongo wanga, ndikhululukire, ine ndimayesa..."

"Mukapepesa kumapeto, achimwene, pano mukundidyera nthawi. Tsegulani botololo." Ndipo anaseka, achemwali. Magazi ali pamkono, mano ali ndi fumbi, anaseka mpaka kutsamwa. Anamwa, anapsompsona ana pamphumi, nakwera. Anali ndi maola anayi oti amalize makilomita makumi asanu, ndipo phiri lalikulu kuposa onse linali lidakali kutsogolo.

M'galimoto popita kumzere womalizira mmodzi wa mapasa anafunsa kuti, "Amalume, amayi akagulitsa njinga, ndiye kuti ndi chifukwa cha inu?" Bambo ake anamudzudzula, koma mwanayo sananame.

Pamzere womalizira pali wotchi yaikulu yopachikidwa pamwamba, ndipo sindinadanepo ndi chinthu chilichonse ngati mmene ndinadanirana nayo. Kuchokera pamenepo umaona njira yomaliza ikutsika mokhotakhota m'mbali mwa phiri, kuyambira pamtengo wina wouma. Anthu ankafika mmodzimmodzi, ena akuimba, ena osatha n'kutsika komwe pachishalo. Ine ndinangoti maso pamtengo uja. Ndinaganiza za m'mawa uliwonse umene ndinamumva akupalasa pakhonde, ndi za ngodya ya kuseri kwa sofa ili mbee. Fili koloko inakwana. Hafu fili. Bambo a mapasa anayamba kuyendayenda, manja ali pamutu.

Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti ikwane folo koloko, mapasa anakuwa pamodzi: "Chachikasu! Chachikasu!" Mnyamata wa mikono ngati mitengo amene anali atamaliza kalekale anandiuza kuti kuchokera pamtengopo ndi mphindi khumi ndi zisanu kwa munthu amene miyendo ikadali yake, makumi awiri kwa wotopa. Ndinamufunsa kuti nanga kwa munthu wouma mutu ndi zingati. Anati zimenezo sanayezepo.

Anatsika phiri lija ngati madzi. Kadontho kachikasu kankasowa m'mitengo, n'kutulukira kwina, n'kusowanso. Koma kutatsala pang'ono kufika pali kachitunda kakafupi koimirira, kamene okonza mpikisano anakaika mwankhanza chabe. Pakati pake mwendo unamukokana. Tinamuona akutsika, akugwira ntchafu. Kenako anagwira mahandulo, nayamba kukankha njinga akutsimphina.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji kumeneko. Ndinapezeka ndikuthamanga m'mbali mwa chingwe ndi nsapato zanga za ku ofesi, magalasi ali m'manja. Lamulo limati ukangomukhudza wopikisana kapena njinga yake, wamuchotsetsa. Ndiye manja ndinawaika kumbuyo, poopa kuti angandipusitsenso kachiwiri tsiku limodzi, n'kumangokuwa, "Nyerere! Nyerere iwe! Tiye!" Anthu osamudziwa anatola dzinalo. Bwalo lonse linayamba kuimba Nyerere, Nyerere, akuwomba m'manja, ena akumenya mabotolo pazitsulo. Pamwamba pa kachitunda anaponya mwendo pachishalo, natembenukira kwa ine, nati, "Achimwene, mugwa!" Atatero anapalasa.

Anadutsa mzere wotchi ikunena maola asanu ndi anayi ndi mphindi makumi asanu ndi zisanu ndi imodzi. Zinatsala zinayi, achemwali. Zinayi zokha, koma zinakwana.

Anagona chagada paudzu, mendulo ili pachifuwa, mapasa atamugwera pamwamba, bambo awo akulira poyera osabisa nkhope. Ine ndinagwada pambali pake kuti ndipepese monga anandiuzira. Anandigamula pomwepo: chaka chathunthu ndizitsuka njinga Lamlungu lililonse, koma pampu ndisadzaigwirenso mpaka imfa. Bambo a mapasa anawonjezera kuti ndikapepesenso kwa amakanika chifukwa cha mawu amene anatsala pang'ono kuwanenera. Ndinapita Lolemba. Anaseka mpaka anakhala pa tayala lakale, ndipo tsopano aliyense wolowa mu shopu yawo akumuuza nkhani yanga.

Njinga yabwerera kuseri kwa sofa. Mwini wake akutsika masitepe chafutambuyo ngati nkhalamba, koma Lolemba lomwelo anapita kuntchito, ndipo dzulo ndinamupeza akuwerenga za mpikisano wina wa masiku atatu. Ndinamusiya awerenge. Ndaphunzira kuti ine ndi inu mwanayu timamukonda ndi mantha, ndipo mantha athuwo amamulemera kuposa phiri.

Chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Ali gone paudzu paja, ana atapita kukamutengera madzi, anandikoka malaya kuti ndiweramire pafupi. Ndinkayesa afuna kudandaula za mwendo. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Achemwali mwawauza?" Ndinati foni sikugwira kuphiri kuno. Inkagwira. Ndinaopa kuti mungayambe ndi kufunsa za chigongono, chimwemwe chake n'kuzima. Anangogwedeza mutu, natseka maso. Kuyambira tsiku limenelo foni yake ikalira amaithamangira ndi miyendo yowawayo, akaona dzina n'kuiika pansi mwakachetechete.

Ndikupemphani, muimbireni. Chigongono chikupola, ndakuuzani kale kuti musavutike kufunsa. Mungomufunsa kuti anamaliza nthawi yanji, kenako mukhale chete, akuuzeni yekha. Iye sadziwa kuti ndalemba.

Mapasa akuti moni, ndipo ajambula chithunzi cha amayi awo ali pa njinga, chimene ndachipinda m'kati muno. Munthu wa magalasi amene akuthamanga pambaliyo ndine. Wina wavala diresi la buluu, waima pamzere manja ali m'mwamba. Ndinawafunsa kuti ameneyo ndani poti panalibe munthu wotero. Anati ndi amayi aakulu, anangochedwa pang'ono.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
amalume a mapasa