Dzanja Lamanja la Bambo a Joy

Wusakile, Kitwe

Okondedwa alamu a Simeon,

Moni wanga ukupezeni. Muli bwanji kumeneko ku Katete, inu ndi amayi akunyumba ndi ana onse? Bondo lija linkakuvutani chaka chatha linaleka? Kuno ine ndi Joy kudzuka tikudzuka, koma nyumba yatikulira. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimangolira, nkhani osaimaliza.

Mukudziwa kuti ang'ono anu, bambo a Joy, anatuluka m'chipatala sitiroko itawapha mbali ya kumanja, n'kuwatsekanso pakamwa. Chimene simunamve n'chakuti pano sali pakhomo. Alongo anu a Pauline anabwera ndi galimoto n'kuwatengera kwawo ku Kanini, ku Ndola. Akuti ine ndimawazunza.

Ndiloleni ndifotokoze nkhanza zangazo.

Potuluka m'chipatala, mayi wa mafizo anandiuza kuti dzanja likangogona lidzauma, ndipo miyezi yoyambirira ndi imene imapulumutsa munthu. Anandiphunzitsa kuwongola zala chimodzichimodzi, kukweza chigongono, ndi kuwaimiritsa atagwira tebulo. Anandiletsa kuwamwetsa tiyi ndi kuwamangira mabatani. Anati ndiziwasiya ayese okha, ine ndili pambali.

Alamu, kuonerera mwamuna wako akudzitayira phala pachifuwa, iwe manja uli nawo, si zamasewera. Ndinkathawira kuseri kukalira, ndikapukuta maso n'kubwerera.

Mafizowo amapweteka, ndipo iwo ankabuula. Nyumba za kumigodi mukuzidziwa, khoma limodzi mabanja awiri, mnzako akatsokomola uko iwe umadzidzimuka kuno. Bana Chichi, mayi oyandikana nafe, m'malo mogogoda n'kundifunsa, anakauza amayi a kumphakati kuti ndimapotokola mkono wa wodwala ndi kumumana chakudya. Nkhaniyo sinalipire basi, koma ku Ndola inafika.

A Pauline anatipeza m'mawa, ine ndagwira mkono uja, mwini wake misozi ili mbwembwembwe. Sanafunse kanthu. Anati mlongo wawo anathera mphamvu pansi pa nthaka kudyetsa ine, ndiye kuthokoza kwanga n'kumeneku? Amene akanandiyankhira anali pomwepo, milomo ikunjenjemera, mawu osatuluka.

Chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Ang'ono anu mukuwadziwa, sankatsikira mumgodi asanachite chizindikiro cha mtanda. Mayi wa mafizo atawafunsa chimene akufuna kuti dzanjalo liyambe kuchita, anamuonetsa ndi lamanzere: mtanda. Tinayamba pamenepo. Poyamba linkalekera pamimba, kenaka linafika pachifuwa. Sabata imene anatengedwayo chala chinakhudza chibwano. Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, Joy n'kuvina m'khichini. Pamphumi panatsala pang'ono.

Lamulungu lapitali ndinakwera minibasi kupita ku Kanini. Ndisaname, akusamalidwa. Bedi loyera, bulangeti latsopano, chipinda chawochawo. Amawadyetsa, amawasambitsa, kuchimbudzi amawanyamula. Mpaka anenepa. Koma zala zija ndinavutika nazo zafumbatanso, zalimba gwa. Popempherera chakudya, a Pauline anawanyamulira dzanja n'kuwachititsa mtanda ngati khanda. Ang'ono anuwo anatembenukira kukhoma.

Nditati ndizitsanzika, anagwira dzanja lodwalalo ndi lamanzere, nalikoka mpaka kuliika pamiyendo panga, maso ali pa ine. Ndinamva chimene ankapempha. Nditangoyamba kuwongola chala chachikulu anabuula, monga mwa masiku onse. A Pauline anathamanga, nandikankha, n'kulibisa dzanjalo m'bulangeti. Anati nkhanza zanga ndizikachitira ku Wusakile, osati m'nyumba mwawo. Ndili pakhomo ndinamva ang'ono anu akulira, ndipo sikunali kulira kwa chala.

A Pauline sindikuwada. Chibale ndi fupa, ndipo akuchita zimene mtima ukuwauza. Koma chifundo chawocho chikuwaumitsa mlongo wawo ali moyo. Mayi wa mafizo ndinakumana naye pamsika, anandifunsa kuti odwala anu aja ali kuti. Nditamufotokozera anangopukusa mutu, nati dzanja silidikira kuti abale agwirizane.

Alamu, inu ndinu aakulu pabanja pano, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Mawu anga ku Kanini ndi a mkazi wankhanza, koma anu adzawamva. Bwerani, kapena aimbireni. Auzeni a Pauline awabweze kuno kwawo. Ngati zimenezo zawalemera, chabwino, awasunge. Koma apite okha kwa mayi wa mafizo akaphunzire, ndipo alimbe mtima akamva kubuulako. Ine ndilolera kukhala kutali, ndilolera dzina loipali mpaka kumanda, bola munthu wina aligwire dzanja limenelo m'mawa uliwonse.

Mundiperekere moni kwa amayi akunyumba, kwa azakhali a Tinenenji ndi onse a kumudzi. Joy akuti muwapempherere bambo ake. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mayendedwe abwino. Ndipo mukamachita mtanda musanadye, chala chikafika pamphumi, mukumbuke kuti cha mng'ono wanu chinalekera pachibwano.

Ndine mlamu wanu,
Nelia