Mathero Omwe Ndinkasungira Mawa

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala. Adokotala andigwira pakhosi ndi zala zozizira, kenako ayang'ana mwana wanga m'malo moyang'ana ine. Chotupa. Akuti oyamba kupita ndi mawu, ine pambuyo. Miyezi sanatchule. Ine amene amalume ankati pakamwa panga Mulungu anaiwala kuikapo chitseko. Mwana wanga wandigulira kope ili. "Bambo, zilembo ndinakuphunzitsani. Lembani, khosi lipume." Zilembo ngati mapazi a nkhuku.

Lachinayi, 6 Malichi

Pakhonde la atelala, pabenchi langa lija lokambirapo nkhani. Omvera asanu. Ndapitiriza nkhani ya mlonda amene anatsekeredwa m'nyumba yomwe ankalondera. Ndaidula pokoma penipeni, monga amalume anandiphunzitsira: ukapereka mathero lero, mawa ukhala wekha. Zaka makumi anayi ndikuuza anthu kuti mawa. Osoka nsapato akuti, "Akulu inu, mudzafa nawo matherowa." Onse kuseka. Inenso kuseka. Sakudziwa.

Lamlungu, 16 Malichi

Pakhosi pakudutsa zamadzimadzi zokha. Ndayesa kulemba mathero m'kope muno. Mizere itatu, nkhani yafa. Pepala silikweza nsidze, silifunsa kuti kenako zinatani. Ndikuopa. Manda ndikuwaopa, ndisaname. Koma chondiumitsa thupi ndi benchi lija, maso onse ali pa ine, kukamwa kuli yasa, osatuluka kanthu.

Lachitatu, 2 Epulo

Masabata awiri osatuluka m'chipinda. Misomali ya kudenga ndailoweza. Kwabwera atelala, tepi ili m'khosi. Akuti osoka nsapato akusokera zidendene kutsogolo, kufuna kudziwa ngati mlonda anatuluka. Ndawauza zoona zonse, monong'ona. Anangopukuta magalasi, kupukuta, kupukuta. Kenako, "Ndiye tiyeni pompano. Makina ndiimitsa." Ndinati mawa. Anandiyang'ana. Ndikusaka jekete.

Lachinayi, 3 Epulo

Ndinapita. Mawu ngati kamphepo kolowera pansi pa chitseko. Omvera anasendera pafupi mpaka mitu kugundana. Ndinaimaliza yonse, mlonda anatuluka. Osoka nsapato anamina mamina nthawi yaitali. "Basi? Mwezi wathunthu kudikira zimenezi? Bweretsani ina."

Mantha alipobe, makamaka ndikadzuka, ndisanayese ngati mawu alipo. Lero alipo. M'mutu mwatsala nkhani khumi ndi imodzi. Imodzi patsiku, yonse, ndi mathero ake omwe. Mwana wanga akuti ndiyambe ndamwa mankhwala. Anthu akudikira, nsapato inayo sindikuiona