Ndipereke dimba langa kuti ndipulumutse anang'omba?

Aphungu,

Masana ano kwatentha koopsa, mitambo ikungosonkhana osagwetsa mvula. Ndakhala pansi, ndaimirira, ndakhalanso, mtima sukukhazikika.

Amayi atamwalira, amalume anatigawira malo. Ine anandipatsa dimba la kumtsinje, achemwali anga a Deliwe anawapatsa tchire la kuphiri. M'tchiremo muli chimtengo champhako momwe anang'omba amaikira mazira. Amayi ankati kale mbalamezi zinali zambiri kuno, koma pano latsala banja limodzi lokhali.

Amuna awo a Deliwe amaotcha makala. Dzulo ndinawapeza akunola nkhwangwa. Anati, "Mvula isanagwe, chimtengo chija chikhala m'matumba." Ine pamaso pa anthu mawu amandithawa.

Ndinanong'oneza a Deliwe kuti atenge dimba, andipatse tchirelo. Anaseka, amvekere, "Iwe, anang'ombawo uzidzathira mchere?" Koma anavomera msangamsanga. Vuto ndi a Stafford, amene ndikukonzekera nawo ukwati ndipo adzakhala kwathu kuno. Anati, "Ndibwere chikamwini kudzalima miyala? Ukapereka dimba, usandiwerengere."

A Stafford ndimawakonda. Komanso mtengowo ukagwa, mbalamezo zipita osabwereranso. Nditani? Ndamaliza kulemba Lachitatu cha m'ma 4 koloko madzulo.

T.K., Thambani

*

Mwana wanga T.K.,

Maganizo ako si amisala. Anang'omba amalera mwana mmodzi pa zaka zingapo, ndipo mitengo yamphako yoti aikiremo ikutha. Koma dimba lonse usapereke. Umadya momwemo, ndipo munthu wanjala sasunga nkhalango. Kuvomera msanga kwa a Deliwe kukuuze kuti wawapatsa zochuluka. Auze kuti ukupereka theka.

Manong'onong'o asiye. Pita mawa kwa amalume ako, poti ndiwo anagawa malowo, uwapemphe kuti mtengo usakhudzidwe mpaka nkhani itatha. Ngati mawu akuthawa, tenga azakhali kapena mayi wina wamkulu amene umamasuka naye, ayambe ndi iwo, iwe umalize. Mukagwirizana, adziwe amfumu, malire aikidwe pamaso pa mboni. Alamu ako akhalepo, amve okha kuti tchirelo lili ndi mwini wake watsopano.

Ukatero kaonane ndi alangizi a zankhalango akuphunzitse kupachika ming'oma ya njuchi. Tchire likamatulutsa uchi, palibe adzakusekenso, ndipo wankhwangwa amaganiza kawiri asanalowe m'njuchi. Ming'omayo uipachike kutali ndi mphako, njuchi zingalande nyumba ya mbalamezo.

Za a Stafford, nkhawa ya chakudya ndi yomveka, usawaone ngati mdani. Pita nawo kudimba, uwaonetse theka lotsalalo, uwafotokozere za uchi. Koma tchera khutu bwino akamayankha. Akakanabe, usathamangire ukwati, mwana wanga. Udziwe kuti ankafunsira dimba.

Aphungu