Mafunso Atatu Opita Nawo ku Congo

Lolemba, 4 Juni 1956
Kalata yochokera ku Elizabetivili, ku Congo. Dzanja lachilendo. Amuna anga a Cyprian ali m'chipatala, awadula mwendo chitsulo chitawagwera kuntchito. Akuti kumudzi sabweranso, manyazi. Zaka zisanu ndikulima ndekha, lero manyazi! Alamu a Tenson akuti, "Tizayenda tikasiliza kukolola." Chimanga chawo chili kale m'nkhokwe. A Cyprian ndikawatenga ndekha.

Lachinayi, 7 Juni
Sisita Patricia wa ku Canada, amene ndimawachapira nsalu kumishoni, akuti apolisi ndi azungu akumeneko Chingerezi samva, koma Chifalansa. Andilembera mafunso atatu.
Où est la gare? Siteshoni ili kuti?
Où est l'hôpital? Chipatala chili kuti?
Où est mon mari? Mwamuna wanga ali kuti?
Funso lachitatulo ndachita kupempha ndekha. Lilime likukana. Mawu ake otulukira kukhosi ngati watsamwa ndi munga wa nsomba.

Lachiwiri, 12 Juni
Ndafunsa ng'ombe, ndafunsa mtondo, ndafunsa mwana wanga Nelesi mpaka wagubuduka ndi phwete. Lero mafunso onse atatu ndanena osayang'ana pepala. Sisita aomba m'manja! Amafuna kundiphunzitsanso mayankho, kumanja, kumanzere, patsogolo. Ndakana. Za chiyani? Wofunsa njira amaperekezedwa, sauzidwa ndi pakamwa. Kuno ku Chongwe ngakhale wolima amasiya khasu n'kukufikitsa pamphambano. Sisita angopukusa mutu.

Lachiwiri, 19 Juni, Elizabetivili
Lole mpaka Lusaka, kenako sitima. Mapazi otupa. Pasiteshoni wapolisi. Moni kaye, bonjour, kenako funso la chipatala. Wamva! Mtima wanga phaa. Ndiye mawu kukhuthuka ngati chimanga cha m'thumba lobooka, dzanja kuloza, munthu n'kutembenuka. Ine chilili, kudikira andiperekeze. Palibe. Ndalira pang'ono, kulira kwa mkwiyo. Sisita ankadziwa.
Koma dzanja lija ndinaliona. Kuyenda mpaka pokhota msewu, moni, funso, maso padzanja basi. Pokhota pena, chimodzimodzi. Anthu khumi ndi mmodzi. Wina wandiseka, ndamufunsa kachiwiri mpaka waloza. Safunsa anadya phula. Chipatala ndachipeza atatseka geti, koma ndachipeza, ine Tisauke! Pogona andipatsa masisitere apafupi ataona kalata imene Sisita Patricia anandilembera.

Lachitatu, 20 Juni
Funso lachitatu. Namwino wachizungu patebulo, ine kalata ya kuchipatala ija m'manja. Où est mon mari? Wawerenga dzina, wandiyang'ana, wasiya mabuku ake n'kundigwira dzanja. Mpaka pabedi! Woperekeza alipo mmodzi m'Congo muno.
A Cyprian aonda. Nkhope kukhoma. "Amake Nelesi, wakubweretsani ndani?" Ndati, "Pakamwa panga." Akuti, "Manje nizalima bwanji?" Ndati, "Zaka zonse izi munali kulima ndimwe?" Aseka, kenako alira. Ine ayi, misozi yanga ndinasiya pasiteshoni. Zopita kumudzi sanavomerebe.

Lachiwiri, 26 Juni
Masiku asanu ndi limodzi ndikuwanong'oneza za Nelesi, kuti akutha kuwerenga, kuti nkhope ya atate ake saikumbuka. Dzulo anapempha okha malaya awo. Dokotala walola. Ndodo ziwiri za m'khwapa.
Pageti aima. Akuti njira ya kusiteshoni kuchokera pano saidziwa, anabwera nawo ali chikomokere, ndipo mzungu sanamufunsepo kanthu chibwerere kuno. Zaka zisanu! Ndati agwire bwino ndodo, funso loyamba lija likadali latsopano. Ndaimitsa mzungu wa chipewa choyera. Bonjour. Où est la gare? Waloza. Ine patsogolo, iwo pambuyo, go, go, go.
Ndikulemba m'sitima. Zilembo zakhota chifukwa mutu wawo uli paphewa langa, ndipo sindiusuntha.